Kuchira ku England: kuno ululu umaunena wekha

Mafunso anu ndawaona onse pa WhatsApp, koma ndi khanda pabere sindingathe kuyankha aliyense payekha, choncho ndalemba pamodzi. Ndinachira bwino, ndi mwana wamkazi, ndipo tonse tili moyo. Achemwali ena anafunsa ngati n'zoona kuti kuno anthu amabereka osamva kuwawa. Ayi achemwali, ululu sufuna viza, unandipeza konkuno.

Sikelo kuno imayamba msanga. Ukangodziwa kuti waima umalembetsa kwa azamba, ndipo amafuna kukuona mimba isanapitirire masabata 10. Amakuunika m'mimba ndi makina kawiri, pa masabata 12 ndi pa masabata 20. Paulendo wachiwiriwu ndi pomwe amakuuza ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi, ukafuna. Ife tinafunsa, tinamva, n'kutseka pakamwa. Mukudziwa inu nomwe kuti zotere sitilengeza mwana asanaoneke.

Za ndalama ndinene mosabisa, chifukwa ena kumudziko mumaganiza kuti kuno zonse n'zaulere kwa aliyense. Ine sindinalipire kalikonse ku chipatala cha boma chifukwa viza yanga ndi ya ogwira ntchito yosamalira odwala ndi okalamba, ndipo ife sitipereka ndalama ya zaumoyo imene ena amapereka. Anzathu ambiri a maviza ena amalipiriratu £1,035 pachaka munthu wamkulu mmodzi. Wobwera ngati mlendo akadwala matenda a uchembere samubweza pakhomo, amamuthandiza, koma bilu imamutsatira, ndipo imakhala yokwera kuposa mtengo weniweni wa chithandizocho. Komanso mwana wobadwira kuno sakhala nzika ya Britain chifukwa chongobadwira kuno, pokhapokha kholo limodzi likhale nzika kapena lili ndi chilolezo chokhazikika. Wangayu ndi Mmalawi ngati inu ndi ine, ndipo tikumufunira pasipoti yakwathu.

Pokonza chikwama ndinaseka ndekha. Kwathu mayi amanyamula zitenje, beseni, lezala yatsopano, ulusi ndi pepala lakuda loyala pabedi. Kuno anandiuza kuti ndingotenga matewera, tizovala ta mwana ndi zanga. Zitenje ndinatengabe, ndipo zinandithandiza kuposa china chilichonse m'chikwamamo.

Matenda atayamba usiku, sindinathamangire kuchipatala, chifukwa kuno umayamba waimba foni. Mzamba anandifunsa kuti msana ukuwawa motalikirana bwanji, ngati madzi asweka, ngati mwana akusuntha. Kenako anati ndimwe panado, ndisambe madzi ofunda, ndidikire kunyumba. Ndinayang'ana foniyo osakhulupirira. Kwathu mayi wa kutali amakakhaliratu ku chidikiro mwezi wake ukayandikira, koma kuno amafuna ufike njira itatseguka pafupifupi masentimita 4, apo ayi amakubweza.

Apa ndi pomwe pali nkhani imene ndikufuna atsikana amene muli kunja muimve. Ife tinakula tikuuzidwa kuti mkazi salira pobereka, amaluma mano. Anankungwi anatilangiza choncho, amayi athu anachita choncho, ndipo ine pafoni paja ndinkayankha mwaulemu, mawu ali phee, pamene thupi lonse likunjenjemera. Mzamba wa kuno amamvetsera mawu ako kuti adziwe pamene wafika. Ukalankhula modekha amati nthawi ikadalipo. Kwathu kupirira kwako sikukupweteka chifukwa gadiyani ali pambali, mayi ako kapena apongozi, amene amaona nkhope yako n'kupita kukakoka namwino pamkono. Kuno gadiyani wotero kulibe. Ukakhala chete, chete wakoyo amamuwerenga kuti uli bwino. Malipoti a MBRRACE-UK, amene amafufuza imfa za amayi oyembekezera m'dziko lino, akhala akuonetsa kuti mayi wachikuda ali pachiopsezo chomwalira pa uchembere kuposa kawiri poyerekeza ndi mzungu. Zifukwa zake n'zambiri, ndipo kusamvedwa ndi chimodzi mwa izo. Ine ndikuti kusalankhula kwathu kumangowonjezera.

Amene anandilankhulira ndi bambo a mwana. Anatenga foni n'kunena kuti mkazi wawo amamudziwa, sadandaula wamba, ndipo tikubwera. Titafika anandiyeza n'kupeza kuti njira yapita kale patali. Sanatibweze.

Inde, munamva zoona, bambo a mwana analowa m'chipinda ndipo anakhalamo mpaka mapeto. Azakhali atamva anagwira pakamwa: "Mwamuna waona zimenezo? Adzakuyang'ananso bwanji?" Azakhali, akundiyang'ana bwino kuposa kale. Ankandipatsa madzi, kundisisita msana, ndipo mwana atabadwa mzamba anawapatsa sizasi kuti adule mchombo. Manja awo ankanjenjemera kuposa anga. Poyamba nanenso manyazi anali nane, koma ululu utafika pachimake anatha okha. Kuyambira tsiku limenelo sananenepo kuti atopa ndikawadzutsa usiku.

M'chipindamo munali bedi limodzi, langa ndekha, ndi bafa lake. Zochepetsa ululu zinalipo zosankha. Ena amalowa m'dziwe la madzi ofunda. Ena amabayitsa epidural, jakisoni wa pamsana amene amachititsa dzanzi kuchokera m'chiuno kutsika. Ine ndinagwiritsa mpweya umene amautcha gas and air, wokoka ndi pakamwa msana ukayamba. Suchotsa ululu, umangokuzunguza mutu, moti bambo a mwana akuti ndinayamba kulamula azamba m'Chichewa. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti asanakugwire amapempha, ngakhale pongokuyeza, ndipo ukakana amasiya. Koma musaganize kuti ndi kumwamba. Azamba kunonso ndi ochepa, amathamanga chipinda ndi chipinda, ndipo ku wodi ya ochira belu limatha kulira nthawi yaitali osayankhidwa. Ndinakumbukira azamba athu a m'zipatala zing'onozing'ono amene amabereketsa ndi tochi ya pafoni magetsi akazima, ndipo ulemu wanga pa iwo unakula.

Mwana anangotuluka n'kumuika pachifuwa panga asanamusambitse. Anamubaya vitamini K, anandifunsa ngati ndikufuna kuona nsengwa, kenako anandibweretsera tiyi ndi buledi wowotcha. Azungu amachitama chakudya chimenechi. Ine mtima unali pa phala la mgaiwa lothira nsinjiro.

Mawa lake anatitulutsa, mwana atamangidwa pa kampando kake ka m'galimoto, chifukwa lamulo silola kumunyamula pamiyendo. Kunali kozizira ndipo mdima unagwa cha m'ma 4 koloko masana. Apa ndiye ndinalira kwenikweni, kuposa ku chipatala kuja. Chikuta changa chinali chipinda cha pamwamba m'nyumba ya lendi. Panalibe wondithowa ndi madzi otentha, panalibe wondilanda mwana kuti ndigone, panalibe wondikakamiza thobwa kuti mkaka utuluke. Amayi sitinathe kuwaitanitsa, tikiti ndi viza zinatikulira. Bambo a mwana anapatsidwa tchuthi cha masabata awiri basi, ndiye malire a lamulo kuno, kenako anabwerera ku ntchito za usiku.

Boma limayesetsa mbali yake. Mzamba anabwera kunyumba tsiku lotsatira, anabweranso mwana atakwana masiku 5 kudzamubaya kachidendene kuti ayeze magazi, kenako anatisiya m'manja mwa namwino wina wotchedwa health visitor. Anatipatsa buku lofiira, lofanana ndi khadi la sikelo la kwathu. Katemera wa BCG kuno sapatsa mwana aliyense, koma wathu analandira chifukwa makolo timachokera ku dziko kumene chifuwa chachikulu n'chofala. Malangizo awo ndi amene anandiyambanitsa ndi amayi. Kuno amati mwana agone chagada, pakabedi kakekake, wopanda chipewa m'nyumba, kutentha kwa chipinda kukhale pakati pa madigiri 16 ndi 20, ndipo pamchombo osapakapo kanthu. Amayi akaona pa vidiyo amakuwa: "Mwana ali mbulanda! Mfunditseni, mukufuna chibayo?" Ndinkamufunditsa chitenje foni ili yoyaka, ikazima n'kuchotsa. Amayi, ngati wina akuwerengerani izi, mundikhululukire, mdzukulu wanu sanadwale.

Amene anandipulumutsa ndi amayi a ku tchalitchi, Amalawi awiri ndi mmodzi wa ku Zambia, onse ogwira mashifiti ngati ine. Ankasinthana pa masiku awo opuma. Wina anabwera ndi ufa ndi usipa umene ankausunga mosamala, wina anandisambitsira mwana n'kundithowa msana osandifunsa n'komwe chilolezo, ndipo ndinamuthokoza chifukwa chosafunsako.

Za dzina, musatikwiyire. Ku England mwana ayenera kulembetsedwa pasanathe masiku 42, ndipo inu kumeneko munali mukadakambirana ngati dzina lichokere kuchimuna kapena kuchikazi. Tinadikira mpaka masiku anatsala pang'ono kutha, kenako tinalembetsa limene agogo ake aakazi anatchula poyamba. Atsibweni, lanu linafika chikalata chitatuluka kale. Talisunga, koma musafunse kuti wotsatira abwera liti.