Ndodo zokwerera phiri, zomwe taona patatha miyezi itatu ya pulakatisi

Anzanga amene mukukonzekera zoyenda mtunda wautali ngati timu, ndati ndilembeko za ndodo zomwe tinagula, poti ambiri mukumandifunsa kuti kodi nzofunikadi kapena ndi zongoonjezera katundu basi. Ife tilipo anayi ndipo tikukonzekera ulendo wa makilomita 100 woti timalize pasanathe maola 30. Ndi mtundu uja wa Oxfam Trailwalker, umene unayamba ku Hong Kong mu 1981 ngati pulakatisi ya asilikali achi Gurkha (asilikali ochokera ku Nepal omwe anali m'gulu lankhondo la Britain), anthu wamba anadzayamba kuloledwa mu 1986. Timu imakhala ya anthu anayi ndipo mumayenda limodzi, ndiye kuti bondo la munthu mmodzi likavuta lavutira tonse.

Zathuzi ndi za aluminiyamu, zigawo zitatu zolowana, zotsekera zake ndi zija za flick lock zomwe umangopinda kachitsulo nkutseka, chogwirira ndi cha cork (chopangidwa kuchokera ku khungwa la mtengo), ndipo imodzi imalemera pafupifupi magalamu 250. Za carbon tinazionanso, nzopepuka zedi, koma tinazisiya chifukwa carbon ikapanikizika pakati pa miyala imangothyoka pomwepo pamene aluminiyamu amayamba wapindika kaye, ukhoza kuyiwongola nkupitiriza ulendo. Usiku pakati uli kutali ndi cheki poyinti nkhani imeneyi si yaing'ono.

Chomwe chinatipangitsa kugula ndi pulakatisi yathu yachitatu. Nthawi timawerengera ndi lamulo lija la William Naismith, wokwera mapiri wa ku Scotland amene analemba mu 1892, loti ola limodzi pa makilomita 5 aliwonse, kenako uonjezere ola lina pa mamita 600 aliwonse okwera. Njira yathu inali ya makilomita 20 ndi chitunda cha mamita 900, ndiye timayembekeza maola asanu ndi theka. Tinatha maola 7. Ndipotu pokwera sitinachedwe ayi, tinachedwa potsika, zomwe lamulo lija silizitchula nkomwe. Achimwene amene ndi akulu mu timu yathu anafika poti akutsika chammbali ngati nkhanu, dzanja lili pa bondo, phazi lililonse akaponda nkhope imachita kukwinyika, koma sakudandaula chifukwa safuna kutibweza mmbuyo. Zinandikhudza kwambiri tsiku limenelo, munthu wolimba mtima chonchija kumuona akuluma mano.

Sabata yotsatira tonse tinali ndi ndodo ziwiri ziwiri. Potsika mpomwe ndodozi zimaonetsa ntchito yake abale. Umaitalikitsa ndi masentimita 5 kapena 10, nkumaiponya kutsogolo isanatsike phazi, ndiye thupi lija mmalo mongogwera pa bondo ndi ntchafu limagawana ndi mikono ndi mapewa. Achimwene aja anatsika malo omwe aja ataimirira bwinobwino, akucheza nafe, ndipo mawa lake anatha kukwera masitepe osagwira khoma. Bondo silinachire ndi ndodo ayi, amapangabe ma ekisasaizi olimbitsa ntchafu, koma kusiyana kwake kumachita kuonekeratu ndi maso. Pokwera zimathandizanso koma osati kwambiri chonchi, umangoifupikitsa pang'ono nkumakankhira kumbuyo. Pamalo a fulati ine ndimangozipinda nkuzimangirira ku chikwama, ena mu timu amakonda kuyenda nazobe akuti zimawasungira liwiro.

Koma pali zofunika kuzidziwa zomwe pa kapepala kobwera nazo sanafotokoze bwino. Kutalika koyenera nkoti ukagwira ndodo itaima pansi, chigongono chipange kona ya madigiri 90. Ndiye kalamba kaja ka pa chogwirira, ambirife timalowetsa dzanja kuchokera pamwamba, zomwe nzolakwika. Dzanja lilowe kuchokera pansi, kenako ugwire lamba ndi ndodo limodzi, kuti kulemera kukhale pa lamba osati pa zala. Mchemwali wa mu timu yathu asanadziwe zimenezi amafinya chogwirira ndi mphamvu tsiku lonse, pofika madzulo anali ndi thuza lalikulu pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, lofiira, loti kugwira botolo la madzi kumavuta. Atasintha kagwiridwe thuza silinabwerenso. Cork ija nayo ndaikonda, thukuta likachuluka siterera ngati labala ndipo pano yayamba kutengera mmene dzanja langa lilili.

Chimene chandikhumudwitsa ndi zotsekera. Zinabwera zosamangitsa, ndipo tsiku lachiwiri ndili pakati potsika pa miyala nditatsamira ndi thupi lonse, ndodo yakumanja inangolowa mkati fwaa, ndinagwada pansi bondo nkukhula pamwala. Mwamwayi panali poti sungagubuduke. Pambali pa chotsekera pali kasikulu kakang'ono, ukakamanga pang'ono vuto limatha, koma kamamasukanso pakapita masabata angapo, ndiye pano tisananyamuke aliyense amatsamira ndodo yake ndi mphamvu kuti aone ngati ikulowa. Bwenzi zili bwino akanalemba chenjezo limeneli ndi zilembo zazikulu. Timalabala ta kunsonga natonso sitilimba, tiwiri tinatsalira mmatope sabata yoyamba yomwe. Pa dothi ndi pa miyala ingotichotsani, kansonga kachitsulo cholimba ka carbide kali mkatimo kamagwira bwino kuposa labala, timalabalato tisungireni pa msewu wa tala pomwe chitsulo chimalira kwambiri komanso kuterera. Mukayenda pa mvula muzisolole zigawo zonse ziume, apo ayi zimamatana mkati.

Ngati timu tinaphunziranso kusiya mpata, mamita awiri kapena atatu pakati pa munthu ndi mnzake makamaka pokwera, chifukwa ndodo ya wakutsogolo ikaterereka imalunjika kumaso kwa wakumbuyo. Ndipo usiku ndi tochi ya pamutu, pamene maenje saoneka kuya kwake ndipo tulo tayamba kukoka miyendo, ndodo imayamba ndiyo kufufuza pansi phazi lisanafike. Pa pulakatisi yathu yoyamba ya usiku ndinapunthwa kangapo koma osagwa olo kamodzi.

Ndiye ine ndodozi ndikuzipatsa 4 pa 5, imodziyo ndachotsera zotsekera zija. Mukaganiza zogula gulani kudakali miyezi, osati sabata ya ulendo, chifukwa mapewa ndi kumbuyo kwa mikono zimawawa masabata awiri oyamba, nazonso zimafuna kuzolowera ngati miyendo. Loweruka likubwerali tikupanga makilomita 50 koyamba, theka lake mumdima, ndipo kasikuludiraiva kakang'ono ndaika kale mthumba la chikwama limodzi ndi mapulasitala.