Masiku awiri ku Dar es Salaam: mulowere ku Kivukoni ndi Kariakoo, kapena ku Masaki?

Ambiri a ife amene timapita ku Dar es Salaam sitipitira kukaona malo. Wina amakatenga galimoto padoko, wina amakaoda zitenje ndi nsapato. Koma posachedwa kapena mochedwa zimakugwera ndithu: ejenti akuti mapepala atuluka mkucha, kapena lole yonyamula katundu sinadzaze, ndiye watsala ndi masiku awiri opanda chochita mumzinda wotentha ngati ku Nsanje. Apa anzathu amagawikana. Ena amati khala m'tauni momwemo, uyende wapansi pakati pa Kariakoo, dera la malonda, ndi Kivukoni, kugombe la doko. Ena amati kwera bajaji, kanjinga kamoto ka matayala atatu, upite ku Msasani, kumene kuli Oyster Bay, Coco Beach ndi Masaki, ukapume mphepo ya kunyanja. Ine ndayesa mbali zonse ziwiri, ndipo ndili ndi mbali yanga.

Ndiyambe ndi m'tauni, chifukwa ndi kumene ambiri timagona. Chinthu chimene simungachione kwina kulikonse ndi msika wa nsomba wa ku Kivukoni, umene eni ake amangouti Feri chifukwa uli pafupi ndi pokwerera pantoni yopita ku Kigamboni. Mupite mbandakucha, 7 koloko isanakwane, maboti akungofika kumene. Nsomba amaziyala pamatebulo a simenti n'kumazigulitsa mokweza mitengo, wopereka zambiri ndiye watenga, ndipo amayi okazinga nsomba amalimbirana ndi ogula a m'mahotela. Munthu wozolowera chambo, utaka ndi kampango umangoti kukamwa yasa: nsomba zina zotalika kuposa mwana wa sitandade 5, nkhanu zokula ngati mbale, ndi pweza, chamoyo cha miyendo 8 chija chimene ambiri tinangochionera pa TV. Kutsidya kwa msewu kuli malo okazingira. Mumagula nsomba yanu, n'kupereka kangachepe kuti akukazingireni. Funsani changu, nsomba ya mnofu woyera imene kakomedwe kake sikatalikirana kwambiri ndi chambo, kapena vibua ngati thumba lapepuka. Fungo lake ndi lamphamvu, pansi pamakhala ponyowa, musavale nsapato za kutchalitchi.

Mawu amodzi akuchenjezeni. Akakufunsani ngati mukufuna kamba, sakunena kamba wa chigoba uja kapena kamba wa paulendo. M'Chiswahili kamba ndi tizilombo ta m'nyanja tokhala ngati dzombe lopanda mapiko, ndipo tokazinga ndi adyo n'tokoma zedi.

Kuchoka pamsikapo, zina zonse zili pafupipafupi moti simufunika galimoto. Tchalitchi cha Azania Front cha Lutheran, cha denga la matailosi ofiira, anamanga amishonale a ku Germany mu 1898, ndipo St Joseph's ya Akatolika ili chapomwepo moyang'ana doko. Pa Shaaban Robert Street pali National Museum, imene inatsegulidwa mu 1940. Muli nkhani ya chibade cha munthu wakalekale chimene Mary Leakey anafukula ku Olduvai mu 1959, magalimoto amene ankakwera Julius Nyerere, ndi chikumbutso cha anthu amene anafa bomba litaphulika ku ofesi ya kazembe wa America pa 7 Ogasiti 1998. Si yaikulu, maola awiri akukwanirani. Chimene chinandigwira mtima ine chili pa raundabauti ya Samora Avenue: chipilala cha Askari, msilikali wa mkuwa ataloza mfuti yake kudoko, chimene anaimika mu 1927 pokumbukira asilikali ndi onyamula katundu a mu Africa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Azigogo athu a ku Nyasaland analinso pankhondo imeneyo, ena mu King's African Rifles, ena ngati atengatenga. Ndipo dzina lenilenilo la Kariakoo linachokera ku Carrier Corps, gulu la onyamula katundu limene linali ndi msasa pamalopo. Tikamasenza mabelo mu Congo Street ya ku Kariakoo lero, tikuponda pamene atengatenga ankasonkhana.

Pa Kariakoo sindichulukitsa, mumakudziwa kuposa ine. Msika waukulu uja unapsa mu Julaye 2021, koma malonda enieni ali m'misewu yozungulira. Chimene ambiri amaphonya ndi chakudya chake, chifukwa amathamangira tchipisi tsiku lililonse. Masana fufuzani kwa mama ntilie, amene ndi chiimirire cha kumeneko: mpunga wophika ndi kokonati, nyemba, masamba ndi kansomba, pamtengo woti simudandaula. Lachisanu ndi tsiku la biriani, ndipo anthu akangotuluka mumzikiti miphika imatha msanga. Madzulo ndiye nthawi ya mishkaki, kanyenya wotunga pakamtengo, ndi chipsi mayai, tchipisi chokazingira pamodzi ndi mazira, chimene achinyamata amachitcha zege. Madzulo omwewo ku Kisutu, dera la amwenye, malo ngati Mamboz amatulutsa matebulo ndi mbaula zowotchera pakhonde la msewu mashopu akatsekedwa, n'kuyamba kuwotcha nkhuku ya sekela. Chef's Pride ndi malo akale odyera pilau ndi chapati mutakhala pansi bwinobwino. Yesaniponso urojo, msuzi wowawasa wachikasu wothiramo mbatatesi ndi tizitumbuwa ta ufa wa nyemba. Ine ulendo woyamba sunandikomere, wachiwiri ndinapempha mbale ina.

Tsono ku Msasani. Kuchoka m'tauni tsopano n'kosavuta chifukwa cha mlatho wa Tanzanite umene unatsegulidwa mu 2022, wodutsa pamwamba pa nyanja mpaka ku Oyster Bay. Mukangotsika mlathowo mumaona kuti mwalowa dziko lina: mipanda italiitali, nyumba za akazembe, mitengo ya mthunzi, misewu yopanda wokukankha. Tinene kuti ndi Area 10 ndi Area 43 ataziika m'mbali mwa nyanja. Malo odyera a kuno, monga Karambezi ku hotela ya Sea Cliff, Cape Town Fish Market, kapena a pa Slipway, malo a mashopu ndi odyera a pagombe, ndi aukhondo, ali ndi mndandanda wa zakudya wa m'Chingerezi, ndipo ambiri amalandira khadi. Pa Slipway dzuwa limalowera kutsidya kwa madzi, zimene n'zachilendo kugombe loyang'ana kum'mawa, ndipo chithunzi cha pa WhatsApp chimatuluka chokongola.

Koma dziwani chimene mukulipira. Tsiku lina ndinadya changu pamalo ena a m'mbali mwa nyanja kumeneko, sinditchula dzina. Inali nsomba yomwe ija ndinadya dzulo lake ku Feri, mwinanso yochokera pamsika womwewo, koma ndalama yake ikanandidyetsa masiku angapo ku Kariakoo. Inabwera ndi kagawo ka ndimu ndi mpunga wochepa ngati wa wodwala. Ndinalipira mpando ndi mphepo. Ngati muli ndi mlendo wofunika, kapena mwatenga mayi a kunyumba ndipo mukufuna adziwe kuti ulendowu sunali wa mabelo okha, mpando umenewo ndi woyenera ndalama yake. Ngati muli nokha ndipo njala yakupwetekani, ayi.

Kumene Msasani amafanana ndi ife ndi ku Coco Beach, makamaka Loweruka ndi Lamlungu madzulo, pamene mzinda wonse umakhamukira kumeneko. Chakudya chake ndi chinangwa chokazinga kapena chowotcha, chothira tsabola, mchere ndi kachumbari (saladi ya tomato ndi anyezi), kutsitsira madzi a kokonati wamuwisi amene amati dafu, kapena madzi a nzimbe ofinyira ndimu ndi jinja. Munthu wa ku Nkhata Bay kapena ku Nkhotakota angaseke kuti wayenda ulendo wonsewu kudzadya chinangwa, koma alawe kaye. Foni muisunge bwino pagulupo, ndipo kukada musayende nokha kumchenga. Chapafupi, ku Morogoro Stores, kuli ojambula a Tingatinga, luso limene anayambitsa Edward Saidi Tingatinga mu 1968 pogwiritsa ntchito penti ya njinga. Kuona akujambula n'kwaulere, ndipo kachithunzi kakang'ono kamalowa m'chikwama.

Pa nkhani yosambira, mbali zonse ziwiri zimagonja. M'tauni mulibe posambira, ndi doko. Ku Coco Beach kuli miyala, ndiponso nyanja ya mchere si nyanja ya Malawi imene mumaipeza pamene munaisiya: imaphwa n'kubwerera kawiri patsiku, moti mukafika nthawi yolakwika mupeza madzi athawa, patsala matope ndi ndere. Wofuna kusambira apite pachilumba, ndipo apa pali mpikisano wina, Bongoyo ndi Mbudya. Zonse ziwiri ndi malo otetezedwa, palibe okhalapo, ndipo mumalipira boti ndi chiphaso cholowera, chimene kwa ife obwera chimakhala chokwera kuposa cha eni dziko. Boti ya ku Bongoyo imanyamukira pa Slipway ndipo imatenga pafupifupi theka la ola, choncho ndi yosavuta kwa amene ali kale ku Msasani. Mbudya ili kumpoto, mumakwerera chakugombe la Kunduchi, ndiye muyenera kulimbana kaye ndi mzere wa magalimoto pa Bagamoyo Road, koma pamadzi pamakhala pafupi ndipo mchenga wake ndi wotakasuka. Konse kuwiri amakuwotcherani nsomba ndi tchipisi pansi pa tizisakasa ta udzu. Ine ndimakonda Mbudya, koma wa tsiku limodzi lokha atenge Bongoyo. Njira yotchipa kuposa zonsezi ndi pantoni ya ku Kigamboni: mphindi zochepa mwawoloka, bajaji n'kukufikitsani kumagombe a kum'mwera.

Ndiye masiku awiri aja ndingawagawe chonchi. Loyamba lonse m'tauni: Feri m'mawa, museum dzuwa likakula, Kisutu madzulo, ndipo mukatopa mabasi a mwendokasi, oyenda mumsewu wawowawo, amafika ku Kivukoni ndiponso ku Gerezani ku Kariakoo, ngakhale nthawi yoweruka mumapanikizana ngati usipa m'dengu. Lachiwiri pachilumba, pobwera n'kuima pa Coco Beach kudya chinangwa. Ndalama imene mukanasiya pa tebulo la ku Masaki ndi imene ilipire boti.

Pokambirana nthawi ndi wa boti kapena wa bajaji mufunsitse bwino. Iwo amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, ndiye akati saa tatu akunena 9 koloko m'mawa, osati 3 koloko. Onjezanipo kuti wotchi ya ku Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi kuposa yathu, ndipo foni ina imakakamira nthawi ya kumudzi ngakhale mutawoloka Songwe kalekale.