A fundi okonza makina osokera pa msika wa Mangochi, ndawayesa ndekha

Anzanga osoka a kuno ku Mangochi, makamaka inu amene mumasoka zinthu zokhuthala ngati ine, ndati ndikuuzeni za a fundi amene anandikonzera makina mu Ogasiti muja, chifukwa amayi angapo ku mpingo akhala akundifunsa kuti munakakonzetsa kuti, ndiye bola ndilembe kamodzi aliyense awerenge yekha. Dzina lawo sinditchula poti sindinawapemphe, koma mukafika pa msika waukulu pa boma n'kufunsa matelala a m'makonde aja kuti a fundi achikulire a makina amakhala pati, akulozerani.

Ine si telala wa madiresi ayi, ndimasoka zofunda za zigamba. Tizidutswa ta zitenje ndimatolera kwa matelala omwewo, tina amangondipatsa tina ndimagula pa jumbo, ndikafika kunyumba ndimachapa kaye kuti sitachi achoke komanso ndione nsalu imene ikusuluka isadzaipitse zinzake, kenako kusita ndi nsimbi ya makala, kudula timabokosi tofanana n'kuyamba kulumikiza. Pamwamba zigamba, pakati bulangete lakale la pa kaunjika, pansi shiti ya pabedi. Ndiye makina anga amaluma nsalu zitatu nthawi imodzi, ndipo pamphambano pomwe misoko inayi yakumana pamakhala potupa moti makina akakhala kuti sali bwino amayambira pomwepo kuonetsa. Makina ake ndi Butterfly yakuda ija yopalasa ndi mapazi, yopangidwa ku Shanghai, anandigulira malemu bambo akunyumba ana anga akadali ku pulaimale. Sanandikhumudwitsepo zaka zonsezi, magetsi azime asazime ine ndimasoka basi.

Chimene chinachitika ndi ichi. Mdzukulu wanga wamkulu, mtsikana, anasankhidwa kupita Fomu 1 ku sukulu yogonera konko cha ku Dedza. Mwana wobadwira kuno kotentha, amene nyengo ya mwera mu Juni ndi Julayi amanjenjemera ngakhale tili m'mphepete mwa Shire, nanga ku Dedza akakhala bwanji? Amayi ake ndi bambo ake ali ku Johannesburg, anatumiza ya fizi ndi yunifolomu, ine ndinati chofunda chokha musagule, ndisoka ndine. Ndinali nditadula kale timabokosi 221, mizere 17 ya timabokosi 13, ndipo ndinali pakati penipeni polumikiza pamene zinthu ziwiri zinandigwera sabata imodzi.

Choyamba galu. Tili ndi agalu awiri, Tayiga wamkulu amene sasamala za m'nyumba, ndi kamwana kake Bobi kamene nthawi imeneyo mano ankakayabwa. Usiku wina chitseko cha pabalaza sichinatsekeke bwino, kanalowa n'kupeza lamba wa makina, poti ndi wachikopa kanamutafuna malo atatu. Ndinamanga ndi kachingwe ka nayiloni kuti ndizikankhirako. Chachiwiri kamdzukulu kanga ka Sitandade 3, kamnyamata kachifundo kwambiri, kanaona chikwama cha mchemwali wake chang'ambika cha pa zipi ndiye ine ndili ku maliro kanati kamusokere. Singano inagunda chitsulo cha zipi n'kuthyoka, makina n'kuyamba kulimba, iko poopa kanatenga mafuta ophikira n'kuthira m'timabowo tonse monga kamandionera ndikuthira oilo. Kanandiuza kokha madzulo, misozi ili chuchuchu, "agogo ndimafuna ndikuthandizeni." Ndinalibe mawu okakalipira.

Kuchokera tsiku limenelo makina ankadumpha, kusoka masitichi atatu kudumpha awiri, pansi ulusi kupiringizana ngati chisa cha mpheta, ndipo patatha masiku angapo gudumu linayamba kulemera. Mnyamata wina woyenda pa njinga amene amati amakonza makina anadutsa kwathu kuno ku Mpondasi, anangoyang'ana pang'ono n'kunena kuti shatulo, kachitsulo ka pansi pa singano kokola ulusi, yatha, ndigule ina kwa iye. Ndinagula. Palibe chinasintha, ndipo sanabwerenso. Apa m'pamene telala wina amene amandisungira zidutswa anandiuza kuti mayi musataye ndalama, masulani mutu wa makina mupite nawo kwa a fundi.

Ndinaukulunga m'chitenje, kukwera kabaza, mutu wa makina pamiyendo, ndipo ndi wolemera ndithu chifukwa ndi chitsulo chokhachokha. Malo awo musayembekezere shopu yooneka bwino, ndi pakhonde chabe, tebulo limodzi lakuda ndi mafuta, zitini za mkaka zodzaza timabawuti, mitu ya makina itandandalikidwa pansi. Anandilonjera bwinobwino, kundifunsa za kunyumba, kenako asanagwire chilichonse anati ndifotokoze chimene chinachitika kuyambira pachiyambi. Chimenechi chinandigwira mtima, chifukwa mnyamata uja sanandifunse kanthu. Nditatchula za zipi anagwedeza mutu, kenako anapukuta chala pansi pa makina n'kununkhiza. "Mayi, awa ndi mafuta a mu kitchini. Akauma amasanduka ulimbo, ndi amene akugwira gudumu." Ndinali ndisanafike n'komwe pa nkhani ya mafutayo.

Anatenga parafini ndi mswachi wakale n'kuyamba kutsuka, malo amodziamodzi, osathamanga. Anachotsa kambale ka pansi pa singano, ndipo zimene zinatuluka pakati pa mano okoka nsalu aja zinandidabwitsa, ubweya wa mabulangete wosakanikirana ndi fumbi ndi ubweya wa agalu, utaumbika ngati kachikopa. Anati zofunda zanga zimatulutsa ubweya wambiri kuposa nsalu za madiresi, ndiye ndizichotsa kambaleko n'kusesa ndikamaliza chofunda chilichonse, osadikira chaka.

Kenako anandiitana kuti ndiwerame ndione ndekha. Anazungulitsa gudumu pang'onopang'ono ndi dzanja, singano kutsika mpaka pansi, ikangoyamba kukwera ulusi umapanga kakhutu kumbali kwake, ndiye kamlomo kosongoka ka shatulo kamayenera kudutsa pomwepo, pamwamba pang'ono pa diso la singano, n'kukola kakhutuko. Kwa ine kamlomoko kankadutsa m'munsi. Anati singano itagunda zipi, chitsulo chogwira singano chinakankhidwira m'mwamba pang'ono, pang'ono kwambiri moti ndi maso simungaone, koma n'kokwanira kuti shatulo iziphonya. Anamasula kabawuti kamodzi, kutsitsa chitsulocho, kumanganso. Basi. Shatulo yanga yakale ndinali nditainyamula m'chikwama, anaiyang'ana n'kupititsa chikhadabo pa kamlomo kake, anati ilibe vuto lililonse, anaibwezeramo ndipo yatsopano ija anandipatsa kuti ndisunge. Akanafuna akanangokhala chete n'kuisunga okha, ine sindikanadziwa.

Za singano ndinaphunziranso zimene zaka zonsezi sindinkazilabadira. M'kabokosi kanga anapezamo mitundu iwiri itasakanikirana. Za makina athu a m'nyumba ndi zija zolembedwa HAx1, kumutu kwake mbali imodzi ndi yophwatalala. Zina zija zolembedwa DBx1 ndi zozungulira mutu wonse, ndi za makina akuluakulu a magetsi a matelala, ndipo ogulitsa ena pa msika amangokupatsa iliyonse ukati ndikufuna singano ya makina. Pa makina ngati anga mbali yophwatalalayo imayang'ana kumanja, ulusi umalowa kuchokera kumanzere. Anati polumikiza zigamba za chitenje nambala 14 ndi yokwanira, koma ndikafika pophatikiza nsalu zitatu zija ndiike 16 kapena 18, nditalikitse sitichi, ndipo pa mphambano potupa paja ndisiye kupalasa ndizungulitse gudumu ndi dzanja mpaka ndidutse. Za bobini, kokulungira ulusi wapansi kaja, anandionetsa njira yosavuta yoyesera kuthina kwa ulusi, kugwira ulusi n'kulendewetsa kachikombole kake, ukagwedeza dzanja kazitsika pang'ono n'kuima, kakangogwa pansi ndiye kuti kamasuka, kakapanda kusuntha ndiye kathina.

Chimene chinanditsimikizira kuti bamboyu ntchito amaidziwa ndi poyesa. Ambiri amayesera pa kansalu kopyapyala n'kunena kuti zatheka, ukafika kunyumba vuto lomwe lija. Iwo anandifunsa ngati ndabweretsa chimene ndimasoka, mwamwayi ndinali ndi kachidutswa koyesera ka nsalu zitatu, anaika mutu wa makina anga pa tebulo lawo lopalasa n'kusoka uku ndi uku, kudutsa dala pamphambano, kenako kutembenuza kuti ndione kumsana. Masitichi ali ndondondo ngati mzere wa nyerere. Pambali pawo panali Singer 15K yakalekale ya munthu wina, ya ku fakitale ya ku Clydebank ku Scotland imene inatsekedwa mu 1980, koma ikusokabe. Anandionetsa kuti m'kati mwake ndi chimodzimodzi ndi anga, bobini yake imalowa mwanga yanga imalowa mwake, n'chifukwa chake zipangizo za makina amenewa sizisowa.

Tsopano zimene sizinandisangalatse, poti sindingakuuzeni zabwino zokhazokha. Nthawi. Lamba analibe tsiku limenelo, anati wabwino amachokera ku Limbe ndipo afika pakatha masiku atatu. Anatha masiku 9. Ine mtima uli m'mwamba chifukwa Seputembala akuyandikira, foni yawo kuimba kangapo osayankha, nthawi zina yozima. Ndinapitako kawiri pachabe, ndalama ya kabaza kupita ndi kubwera, ndipo ulendo umodzi linali Lachisanu masana ndinapeza atapita ku mzikiti, limenelo linali vuto langa ndinayenera kuganiza, ndiye inu musapite Lachisanu masana. Komanso salemba lisiti kapena kachikwangwani pa makina a anthu, amangosunga m'mutu kuti uwu ndi wa uje uwu ndi wa uje. Iwo akuti sanasokonezepo, koma ine ndinakana kusiya mutu wa makina anga kuti ugone kumeneko, ndinadikira pomwepo maola atatu pa kabenchi kopanda mthunzi wokwanira. Nyamulani madzi ndi ambulera, dzuwa la Mangochi mukulidziwa.

Lamba atafika anabwera okha kunyumba pa njinga yawo kudzamuika, ngati kupepesa kwa kuchedwa kuja, ndipo sanalipiritse ulendowo. Anaima pa geti n'kuodira patali atamva Tayiga akuuwa, ndinadziwa kuti monga Asilamu ambiri safuna kunyambitidwa ndi galu, ndiye adzukulu anathamanga kukamangirira agaluwo kuseri pa mtengo wa mango. Anayeza lamba, kudula, kuboola ndi kamsomali, kulumikiza ndi kawaya kake kaja. Anati lamba wachikopa amatamuka pakapita miyezi, ndikaona akuterereka ndingodulako pang'ono n'kuboolanso, koma ndisamukoke kwambiri chifukwa kupalasa kumalemera ndipo miyendo imatopa. Kamdzukulu kaja kanali kataima pakhomo mwamantha, a fundi anakaitana, "bwera kuno mwanawe," anakapatsa kabotolo ka oilo weniweni wa makina, woyera ngati madzi, n'kukaonetsa timabowo tothira, kadontho kamodzi kamodzi. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ntchito yothira oilo ndi yake, ndipo saiwala.

Mtengo wake, kukonza ndi kutsuka anandiuza K8,000, lamba K5,000, oilo ndi paketi ya singano ndinagula padera. Ena anganene kuti ndi zambiri, koma tonse tikudziwa mmene ulusi, singano ndi zitenje zakwerera chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mnyamata wa pa njinga uja anandidyera yoposa pamenepo pa shatulo imene sinkafunika. Mtengo amanena asanayambe ntchito ndipo sanawonjezere pomaliza. Ngati muli ndi makina a magetsi amakono okhala ndi timabatani, anandiuza okha kuti amenewo sagwira, ndiye musavutike kuwanyamula. Koma ngati ndi opalasa kapena opukusa ndi dzanja, ine ndikuti pitani, kungoti mupite nthawi ikadalipo, osati ukwati uli mawa.

Chofunda chinatha kutatsala masiku anayi kuti mwana anyamuke. Usiku womaliza ndinasoka m'mphepete mwake ndi nyali ya sola, Bobi atagona pa mapazi anga pansi pa tebulo, lamba ali pamwamba pa mutu wake koma osamukhudzanso. Pakati penipeni ndinaikapo timabokosi tinayi ta chitenje chimene amayi ake ankamuberekera ali khanda, anachizindikira yekha asanauzidwe, anajambula n'kutumiza pa WhatsApp ku Johannesburg, amayi ake anaimba foni akulira. Sabata yachiwiri ali ku sukulu anaimba pa foni ya a matroni kuti agogo kuno kukuzizira zoona koma ine ndikugona bwino, anzanga awiri akufunsa ngati mungawasokere.

Ndavomera, ndayamba kale kudula, ndipo masiku ano ndikamaliza kusoka madzulo ndimachotsa lamba n'kumupachika pa msomali pamwamba, poti Tayiga ali ndi bere kachiwiri. Lachiwiri likubwerali ndikuperekeza mnzanga wa ku Namwera kwa a fundi omwewo, makina ake opukusa ndi dzanja akudula ulusi wapamwamba, ndamuuza kale kuti anyamule chidutswa cha chimene amasoka.