Kiliniki ya ku Limbe: anamwino ndi abwino, vuto lili pakauntala

Amayi anapsa pamwendo ndi ekizozi ya njinga ya kabaza pochokera kumsika, chilonda n'kukana kupola. Chitayamba kutuluka mafinya mwendo n'kutupa, tinapita nawo pakiliniki ina yapulayiveti ku Limbe konkuno.

Mtsikana wa pakauntala anandikwiyitsa kwambiri. Munthu wamkulu waima ndi mwendo umodzi, iye maso ali pafoni, kenaka osapereka n'komwe moni, "Lipirani kaye ya khadi." Ngakhale mpando sanawapatse. Bilu yake ndiye mukuidziwa kale, gozi mtengo wake, bandeji mtengo wake, mpaka magolovesi omwe. Ndinatsala pang'ono kuwatenga amayi n'kubwerera.

Mtima unatsika titalowa kwa anamwino. Anatsuka chilondacho ndi madzi amchere a m'diripi aja, n'kumachotsa mnofu wakufa m'mbalimu. Ali mkati anaima n'kufunsa, "Amayi, simukumva kuwawa?" Amayi anati ayi, mwendowo umangochita dzanzi, koma usiku mapazi amayaka moto. Pomwepo anawavula nsapato, kuyang'ana pakati pa zala zonse, kenaka kuwabaya pachala kuyeza shuga. Anali wokwera zedi, ife osadziwa. Anatifotokozera modekha kuti shuga akakhalitsa m'thupi amaononga mitsempha, munthu samva ululu ndipo magazi sayenda bwino kumiyendo, n'chifukwa chake kachilonda kakang'ono kamanyeka mpaka ena kudulidwa mwendo. Anatiletsa spiriti ndi Colgate zimene anthu amakonda kupaka, ati wopsa amafunika kuthira madzi ozizira apampopi kwa mphindi 20 basi, zinazo n'zakuchipatala. Anawabaya jakisoni wa kafumbata, kumanga bandeji yosathina, n'kulemba kalata yoti apite ku Queens akayezetsenso shuga asanadye kanthu ndi kuyamba mankhwala. Akanatha kutisunga kuti tizingolipira zotsukitsa, koma sanatero, ndipo zimenezi zinandikhudza.

Pano fungo linatha, chilonda chafiira bwino ndipo chikuchepa kuchokera m'mbali.

Ndikupereka nyenyezi zinayi chifukwa cha anamwino aja. Yachisanuyo yatsalira pakauntala. Eni ake amuphunzitse mwana uja kulandira anthu akuluakulu, ndiponso amate mitengo yonse pakhoma kuti munthu azidziwiratu asanalowe.