Miyezi isanu ndi itatu ndikuwerenga makalata a seva ndi Mutt

Kuseri kwa shopu yathu yosindikiza pa boma la Mangochi kuli seva yathu, kompyuta yakale yoyendera Debian (mtundu wa Linux), imene imasunga mafayilo a makasitomala: makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, mayeso a ana asukulu. Zaka zonsezi ndikailowa inkandilembera mzere woti "You have new mail", ine ndinkangodutsa ngati munthu wodutsa wogulitsa usipa pamsika. Mu Marichi ndinaikamo Mutt, pulogalamu yowerengera makalata a imelo, kuti ndione kuti makalatawo akuti chiyani. Lero ndi Novembala, ndipo ndimaitsegula m'mawa uliwonse ndisanayatse makina osindikizira.

Amalemba makalatawo si anthu. Ndi mapulogalamu: cron yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika, smartd yoyang'anira thanzi la disiki, ndi sudo yopereka mphamvu za woyang'anira kompyuta, ndipo onse amatumiza kwa root, akaunti ya woyang'anirayo. Ndinangolemba mzere umodzi mu fayilo ya /etc/aliases woloza makalata a root ku dzina langa, n'kuyendetsa lamulo la newaliases kuti kusinthako kugwire, Postfix, pulogalamu yonyamula makalata, n'kuyamba kuwatula mu /var/mail. Ndi fayilo imodzi ya mbox, kalata pamwamba pa inzake. Sipafunika intaneti, ndiye bandulo siyikudyeka.

Sabata zoyamba zinandiwawa. Mutt ndi pulogalamu ya 1995, ilibe mabatani odina ndi mbewa, zonse ndi zilembo. Ndinamata kapepala pakhoma: d kufufuta, l kusefa, q kutuluka. Kapepalako kanayoyoka ndi chinyezi, koma zala zinali zitaloweza kale. Chimene chinatsala pang'ono kundigwetsa ulesi ndi phokoso limene ndinaliyambitsa ndekha. Ntchito yokopera mafayilo ya rsync inkayenda ola lililonse, ndipo cron amatumiza kalata nthawi iliyonse ntchito ikalemba kanthu. Makalata 24 patsiku onena zomwezomwezo! Nditaika -q pa lamulo lake, rsync inasiya kulankhula pokhapokha pakalakwika, ndipo bokosi linapepuka.

Phindu lenileni ndinaliona mu Okutobala, nthawi imene dzuwa la kuno limaotcha mpaka malata kulira. Lolemba lina ndinapeza kalata yochokera kwa smartd yonena kuti disiki ili ndi malo amene sakuwerengeka, amene amati pending sectors. Kompyuta inkayenda bwinobwino, palibe akanaganiza kanthu. Madzulo ake ndinagula disiki ina n'kukopera zonse usiku wonse, fani ili pafupi. Pa disiki yakaleyo panali ntchito ya mayeso ya sukulu zitatu, ndipo sindidziwa kuti aphunzitsi aja ndikanawayang'ana ndi nkhope yanji.

Sudo nayo simabisa. Mnyamata amene amandithandiza anayesa kuika pulogalamu ine nditapita ku Namwera. Nditabwera ndinapeza kalata yoti dzina lake mulibe mu sudoers, mndandanda wa ololedwa kugwiritsa ntchito sudo, nthawi ndi lamulo limene analemba zili pomwepo. Nditamufunsa anadabwa: "Achimwene, mwadziwa bwanji?" Ndinamukhazika pampando n'kumuonetsa kalatayo, ndipo tsiku lomwelo ndinamuphunzitsa kutsegula Mutt. Masiku ano ine ndikachoka amawerenga ndi iye.

Chimene sindinakhutire nacho mpaka lero n'chakuti makalatawo amakhala m'kompyuta momwemo. Ndikakhala ku Monkey Bay sindidziwa kanthu mpaka nditabwerera. Magetsi akazima usiku, ntchito ya cron ya nthawi imeneyo siyenda, ndipo palibe kalata yondiuza kuti yalephereka. Bokosi lopanda kanthu ndinkaliwerenga ngati mtendere, pamene nthawi zina kompyutayo inali chabe yozima. Ndiye ndinawonjezera kantchito kamodzi kotumiza kalata yaifupi 6 koloko m'mawa, yoonetsa malo otsala pa disiki ndi tsiku limene kukopera kunatheka komaliza. Ikasowa, ndimadziwa kuti china chake chavuta.

Ndinayesa kuti makalatawo azifika pa foni kudzera pa Gmail, koma zimafuna kuti Postfix idutsire pa seva ina ndi mawu achinsinsi, komanso intaneti ya pashopu ikhale yoyaka usiku wonse. Ndalama ya bandulo imeneyo pakali pano ndikuisungira batire la UPS, losunga kompyuta yoyaka magetsi akazima.