Miyezi 9 ndi makompyuta a kaunjika okana kulowa mu domain

Sabata yatha mnzanga wa ku Mzuzu, yemwe tinaphunzira naye limodzi, ananditumizira uthenga: "Achimwene, makina aja munagula ku Limbe akuyenda bwanji? Abwana akuti ndipeze koteshoni. Ndipite kwa munthu yemwe uja?" Ndinayamba kumuyankha pafoni, koma nkhani inatalika mpaka chala chinatopa. Ndiye ndati ndiilembe bwinobwino.

Tinagula makompyuta 24 a kaunjika, a patebulo, oti tiike mu labu ya pakoleji yaing'ono imene ndimagwirako ntchito. Core i5, RAM ya 8 GB, SSD ya 256 GB. Amayaka msanga, sasokosa, fumbi ndi kutentha kwa mu Okutobala anapirira. Sikilini imodzi inabwera ndi mzere wobiriwira pakati, anatisinthira mosavuta. Makiyibodi ndi otchipa, koma ophunzira amawamenya tsiku ndi tsiku ndipo akadali moyo. Pamenepa ndilibe mlandu ndi munthu.

Mutu unandiwawira pa domain, dongosolo limene seva imodzi imasunga mayina ndi mapasiwedi a onse n'kulamulira makompyuta onse a pakoleji.

Labu yathu timaifufuta n'kuikamo Windows yatsopano teremu iliyonse, chifukwa zimene ophunzira amasiya m'makina n'zosasimbika. Sindiyenda ndi fulashi kompyuta imodziimodzi. Pa seva pali mapulogalamu a Microsoft oikira Windows kudzera pa netiweki, WDS ndi MDT 8456, yaulere ija ya mu 2019. Umangoyatsa makina, kudina F12, iwo n'kukoka chilichonse pa netiweki: Windows, madalaivala, mapulogalamu, kenako n'kudzilowetsa okha mu domain, mu OU (kagulu ka makompyuta mu domain) ya labu. Ulendo woyamba onse 24 analowa ine ndikumwa tiyi. Ndinamuimbira foni wogulitsa uja kumuthokoza. Lero ndikakumbukira ndimangoseka.

Ulendo wachiwiri analowa 15. Enawo, 9, anamaliza zonse bwinobwino, koma ukayang'ana anali akadali mu workgroup, kutanthauza kunja kwa domain, ndipo ophunzira sakanatha kulowa ndi mayina awo. Ndinabwereza atatu madzulo omwewo, analowa. Ndinati basi, kanali kamphepo chabe. M'mawa mwake ndinabwereza otsalawo, anakana. Chinthu chikamakana nthawi zonse chimakhala chosavuta kuchigwira. Chimene chimavuta ndi ichi chovomera lero n'kukana mawa.

Ndinayamba ndi DNS, imene imathandiza kompyuta kupeza seva ndi dzina lake, chifukwa aliyense wa ntchito yathu ino amayambira pamenepo. Ndipo ndinapezadi kachilombo: rauta ya intaneti nayonso imagawa ma adiresi, kulimbirana ndi seva yathu. Makina olandira adiresi ku rauta amafunsa dzina la domain yathu kunja, kwa anthu osaidziwa, n'kubwera ndi 0x54b, kutanthauza kuti domain sikupezeka. Ndinazimitsa DHCP, yogawa ma adiresi ija, ya pa rauta, ndinadzitama mumtima. Awiri analowa. Ena anakanabe.

Kenako ndinakayikira malire aja akuti akaunti wamba imaloledwa kulowetsa makompyuta 10 okha mu domain. Ayi, akaunti yathu ndinali nditaipatsa kale mphamvu pa OU yonse. Ndinayang'ana mayina ngati apitirira zilembo 15. Ayi. Kompyuta ina inandipatsa 0xaac, ndipo apa wolakwa ndinali ine ndemwe. Kuyambira Okutobala 2022, Windows kawirikawiri sivomera kuti akaunti ina idzagwiritsenso ntchito dzina la kompyuta limene linalembetsedwa mu domain ndi munthu wina. Ine tsiku lina, ndili pachangu, ndinailowetsa pamanja ndi akaunti yanga. Nditafufuta dzina lakalelo mu Active Directory, kaundula wa domain, inalowa osawiringula.

Apa n'kuti masiku anayi atapita, teremu yatsegulidwa, a hedi akundifunsa m'mawa uliwonse kuti, "Bambo wa makompyuta, lero zitheka?"

Lachisanu madzulo, anthu onse ataweruka, ndinatsegulanso C:\Windows\debug\NetSetup.log pa kompyuta ina yokana. Fayilo imeneyi ndinali nditaiwerenga kambirimbiri, koma maso amathamangira kumapeto kwa mzere komwe kumakhala nambala ya vuto. Tsiku limenelo nambala inali 0x576. Ndiye maso anabwerera kumayambiriro kwa mzere, pamene pamalembedwa deti. Panali 01/01/2017. Ndinakhala kaye chete, manja ali kunkhongo. Kompyutayo imaganiza kuti tili m'chaka chimene inapangidwa.

Kerberos, imene imatsimikizira kuti wogogoda pa domain ndi ndani, imalola kusiyana kwa mphindi 5 zokha pakati pa wotchi ya kompyuta ndi ya seva. Ife timasiyana zaka. Ndinatsegula bokosi, ndinachotsa kabatire kozungulira kaja ka CR2032, kofanana ndi ndalama yachitsulo, n'kukayeza. Kamayenera kupereka mavoti 3. Singano sinagwedezeke n'komwe.

Apa m'pamene kuvomera ndi kukana kuja kunamveka. Kompyuta ya patebulo ikakhala yolumikizidwa kukhoma, wotchi yake imadya magetsi apakhomapo ngakhale itazimitsidwa. Batire imagwira ntchito magetsi akachoka basi. Kwathu kuno magetsi achoka kangati pa sabata? Komanso alonda athu, munthu wosamala kwambiri, amazimitsa masoketi onse asanakhome. Masiku wamba palibe amaona kanthu, chifukwa Windows ikangopeza netiweki imadzikonzera nthawi. Koma Windows yongoikidwa kumene imakhulupirira wotchi ya m'bokosi, n'kukagogoda pa domain ndi deti ya 2017. Atatu aja analowa madzulo chifukwa anali atakonza kale nthawi masana, magetsi asanachokenso. Ulendo woyamba uja mabatire anali akadali ndi kamphamvu kotsiriza.

Kukonza kwake kunatenga ola limodzi. Mu task sequence, mndandanda wa masitepe amene MDT imatsata, ndinaikamo lamulo la net time loti kompyuta itenge nthawi ku seva isanafike pa Recover From Domain, sitepe yolowera mu domain. Mu fayilo ya MDT yotchedwa CustomSettings.ini ndinalemba TimeZoneName=South Africa Standard Time, yomwe ndi ya Harare ndi Pretoria, yofanana ndi nthawi yathu. Mabatire ndinakagula kwa bambo wokonza mawotchi mumsika, ndalama ya m'thumba mwanga. Awiri mwa amenewo anafanso pasanathe mwezi, koma imeneyo ndi nkhani ya ine ndi bambo wa mawotchi.

Chinandipsetsa mtima n'china. Kompyuta ikataya nthawi imayenera kuima poyaka n'kukuuza kuti udine F1. Izi sizimaima. Nditalowa mu BIOS, kapulogalamu ka m'bokosi kamene kamayamba Windows isanayake, ndinapeza kuti wina anasankha kuti zizingodutsa machenjezo onse. Ndinamuimbira wogulitsa.

"Bwana, zimenezo zimabwera choncho kuchokera kunja, ife sitigwira BIOS," anatero. Nditatchula za mabatire anaseka: "Aaa, achimwene, batire ndi ngati mafuta a galimoto. Waranti sikhudza zimenezo. Komanso miyezi itatu ija inatha kale." Pa lisiti palembedwadi miyezi itatu, sindingatsutse. Koma munthu wogulitsa makina a zaka zimenezi amadziwa kuti mabatire ali kumapeto, ndipo mtengo wa mabatire onse 24 sufika n'komwe pa wa sikilini imodzi imene anatisinthira mosanyinyirika ija. Tsiku limenelo mukanandifunsa, ndikanati musayandikireko.

Mtima unatsika patapita masabata awiri. Ndinamuuza kuti ofesi ya akawunti ikufuna makina ena 10. Mawa lake lomwelo kaphukusi kanafika pa minibasi, mabatire 24 atsopano m'mapaketi awo, ndi kapepala koti "pepani bwana". Ndikudziwa kuti kupepesako kunali kwa makina 10 aja, osati kwa ine. Komabe mabatire ndinalandira, ndipo teremu yachitatu onse 24 analowa mu domain ulendo umodzi.

Ndikanasiyira pomwepa ndikanamupatsa mamaki abwino. Koma pali Windows 11. Pogula ndinamufunsa, iye anati "zimalandira bwinobwino". Tsiku la 14 Okutobala 2025 linali malire a chithandizo cha Windows 10, ndiye ndinayesa kompyuta imodzi. TPM 2.0, kachipangizo ka chitetezo kamene Windows 11 imafuna, ilimo, koma purosesa ndi ya m'badwo wa 7, pamene Windows 11 imayambira pa wa 8. Nditamufunsa anati amatanthauza kuti iye amadziwa njira yozembetsera. Labu ya pakoleji siyendera zozembetsa. Kulakwa kwina n'kwanga, ndinamva "Core i5" n'kusangalala osafunsa m'badwo. Koma mtengo umene tinalipira unali wa makina oti atitumikire zaka zingapo, ndipo tsopano ndikalowa mu labu ndimangoona bajeti ina ikubwera.

Mnzanga wa ku Mzuzu ndamuuza kuti apite, chifukwa makinawo ndi olimba ndipo mtengo ndi wofikirika kusiyana ndi atsopano. Koma m'badwo wa purosesa ulembedwe pa koteshoni. Ali m'shopu momwemo azule chingwe kukhoma, adikire mphindi 10, ayatse, aone deti mu BIOS. Ndipo asalipire zonse asanayese kuwalowetsa mu domain magetsi atachokapo kamodzi.

Makina 10 a ku akawunti aja sindinasainire. Wogulitsa uja ndamuuza kuti atenge asanu mwa akalewa, atipatse a m'badwo wa 8, tiwonjezere pang'ono. Wati aganize kaye. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi, mauthenga anga akuwawerenga koma sakuyankha.