Ulimi wa mgwirizano ndi kampani: zimene ndinaona pa nyengo ziwiri

Kwa nyengo ziwiri zotsatizana ndinalima pansi pa ndondomeko ina ya mgwirizano, yomwe kampani yaikulu yogulitsa zipangizo zaulimi imayendetsa mothandizana ndi bungwe lina lopereka thandizo, ndipo pachikuto cha kabuku kawo panalembedwa kuti cholinga chawo ndi kuthetsa njala. Mlimi amalandira mbewu ya chimanga ya haibulidi, feteleza wokulitsa ndi wobereketsa, mankhwala ophera tizilombo komanso ulangizi, zonsezo pa ngongole, ndipo iye amalonjeza kuti zokolola zake adzagulitsa ku kampani yomweyo.

Zoyamikira zilipo, ndipo sindingazibise. Zipangizo zinafika mvula isanagwe, mbewu yopakidwa mankhwala ofiira ija inamera pafupifupi phando lililonse, ndipo ntchemberezandonda zitalowa m'munda mlangizi anabwera panjinga yamoto tsiku lotsatira, nandionetsa mmene ndingathirire mankhwala m'nsonga momwe mbozizo zimabisala. Chaka choyamba ndinakolola bwino, ngongole ndinabweza, kenakake n'kutsala.

Chaka chachiwiri ndi chomwe chinandiwerengetsa pepala la mgwirizano mofatsa. Ng'amba inagwa chimanga chikumasula ngayaye, zokolola zinachepa kwambiri, koma ngongole sinachepe ngakhale pang'ono, chifukwa palibe ndime imene imanena kuti kampani idzasenzako mbali ya chitayiko nyengo ikavuta. Tsiku logula, kalaliki anabaya thumba lililonse ndi kachipangizo koyezera chinyezi, nanena kuti chimangacho ndi cha giredi yachiwiri, ndipo sikelo inali yawo, kachipangizoko kanali kawo, mtengonso anatchula ndi iwo, poti mgwirizano umangoti mtengo udzatsatira msika wa nthawiyo. Anayamba adula ngongole yonse, ndipo matumba omwe ndikanasunga kuti banja lidye analowa m'lole ya kampani. Kugulitsa kwa wogula wina n'koletsedwa, ndipo mbewu ya haibulidi sungaibwereze, chifukwa ukabzala ya m'nkhokwe imabereka mochepa ndiponso mosafanana, choncho chaka chilichonse uyenera kubwerera pakhomo lomwelo.

Makomo oterewa akucheperacheperanso. ChemChina inagula Syngenta mu 2017, Bayer inagula Monsanto mu 2018, ndipo Dow ndi DuPont zitaphatikizana mu 2017, nthambi yawo yazaulimi inadzakhala Corteva mu 2019. Makampani ochepa chonchi akagwira gawo lalikulu la msika wa mbewu ndi mankhwala padziko lonse, mawu akuti mgwirizano amandivuta kuwamva bwino, pakuti mmodzi ndiye amalemba pepala, winayo amangosaina. Mtengo wa feteleza utakwera mu 2022, nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka, kukwerako kunathera pa ngongole za alimi ngati ife.

Kukayika kwangaku si kwa ine ndekha. Mu 2012, pa msonkhano wa mayiko olemera a G8 ku Camp David, ku America, anakhazikitsa ndondomeko ya New Alliance for Food Security and Nutrition, yomwe inalonjeza kutulutsa anthu 50 miliyoni mu umphawi pa zaka khumi kudzera m'ndalama za makampani, ndipo mayiko olowamo anavomera kusintha malamulo awo okhudza mbewu ndi malo. Mu 2016 nyumba ya malamulo ya European Union inadzudzula ndondomekoyo, ndipo mu 2018 dziko la France linatulukamo. Lipoti la mu 2024 la FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, linasonyeza kuti mu 2023 anthu pafupifupi 733 miliyoni anali ndi njala, pomwe dziko lapansi limakolola chakudya chokwanira anthu onse. Katswiri wazachuma Amartya Sen, atafufuza njala ya ku Bengal, ku India, ya mu 1943, anaonetsa kuti anthu amatha kufa ndi njala chakudya chilipo, ngati alibe njira yochipezera. Ndinaimvetsa mfundo imeneyi nditaimirira pafupi ndi lole ija, chimanga changa chili pamwamba.

Kwa mlimi amene ali ndi mthirira, malo okulirapo ndi ndalama yapadera yodzitchinjirizira chaka choipa, ntchito ya kampaniyi ndi yabwino ndithu, ndipo zipangizo zake n'zodalirika. Kwa amene munda wake ndiwo nkhokwe yake sindingamulimbikitse kulowamo, pokhapokha pepalalo litatchula mtengo wotsikitsitsa wogulira, litalola kuti muyeso wa chinyezi utsimikizidwe ndi munthu wosakhala wa kampani, ndiponso litanena chochitika ndi ngongole mvula ikadula. Nditapempha zinthu zitatuzi chaka chachitatu, mlangizi, yemwe ndi munthu waulemu kwambiri, anandiyankha kuti pepalalo limachokera kulikulu ndipo iye alibe mphamvu yosinthapo ngakhale liwu limodzi, choncho sindinasaine.